Kusankha lenzi yotambalala kwambiri ya kamera ya rangefinder

Aliyense amene amajambula ndi kamera ya rangefinder, yomwe munthu amaonera pa kazenera kapadera osati kudzera mu lenzi, kaya ndi Leica, Voigtländer Bessa, Canon yakale kapena Zorki ya ku Soviet Union, amafika poona kuti lenzi ya 50mm kapena ya 35mm yamuchepera. Zimenezi zimachitika makamaka m'malo opanikizika: m'chigafa cha fodya ku Santhe, m'kalasi yodzaza ana, m'tchalitchi pa tsiku la ukwati, kapena pakati pa mabenchi a mumsika wa pa boma pano pa Kasungu, pomwe munthu akati abwerere m'mbuyo pang'ono amagunda khoma kapena kuponda tomato wa eni. Malenzi otambalala kwambiri, omwe ndi a 21mm kutsika mpaka 10mm, amathandiza m'malo otere. Koma ndi katundu wokwera mtengo, wovuta kubweza ukamugula kunja, ndipo n'kosavuta kulakwitsa posankha. Maganizo anga ndi akuti kusankha kuyambire pa mafunso awiri: mudzaima kutali bwanji ndi chimene mukujambula, nanga kuseri kwa lenziyo kudzakhala filimu kapena sensa ya kamera ya dijito? Dzina la kampani ndi mtengo zibwere pambuyo pake.

Yambani mwayeza malo

Chithunzi cha filimu ya 35mm, chimodzimodzinso sensa yaikulu ngati filimuyo, yotchedwa full frame, chimakhala mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi. Mukagawa 36 ndi nambala ya lenzi, kenaka n'kuchulukitsa yankholo ndi mtunda umene mwaima, mupeza kukula kwa malo amene alowe m'chithunzi kuchokera kumanzere kufika kumanja. Tiyerekeze kuti mwaima mamita 3 kuchokera pakhoma. Lenzi ya 28mm itenga mamita osakwana 4 a khomalo, ya 21mm itenga mamita 5 ndi pang'ono, ya 18mm mamita 6 ndendende, ya 15mm mamita 7.2, ndipo ya 12mm itenga mamita 9. Opanga malenzi amakonda kulemba madigiri, kuyeza kuchokera pangodya ina kufika pangodya yoyang'anizana nayo: 21mm ndi madigiri pafupifupi 92, 18mm ndi 100, 15mm ndi 110, ndipo 10mm ndi 130. Madigiriwo ndi oona, koma masamu a mamita ndiwo mungapite nawo kumalo kumene mumagwirira ntchito. Tengani tepi yoyezera, mulowe m'tchalitchi chimene mumajambulamo maukwati kapena m'nyumba imene womanga wakupemphani kuti muijambule, muime pamene mumaima nthawi zonse, muyeze mtunda wofika kutsogolo, ndipo muyezenso kukula kwa chimene mukufuna kuti chioneke chonse. Kawirikawiri mudzapeza kuti 21mm ikukwanira.

Anthu ambiri amaganiza kuti lenzi yotambalala ndi ya malo otakasuka, ndipo popeza Kasungu ndi dera lathyathyathya lomwe diso limaona patali, amathamangira 15mm kapena 12mm. Apa m'pamene ambiri amakhumudwa. Lenzi ikamatenga malo aakulu, chinthu chilichonse m'chithunzimo chimachepa, moti chimene munachijambula ndi 50mm chimachepa kupitirira katatu mukachijambula ndi 15mm muli pamalo omwewo. Mukaima m'mbali mwa msewu wa M1 n'kuloza phiri la Kasungu ndi 15mm, phirilo lidzaoneka ngati chulu cha kumapeto kwa munda, theka la chithunzi lidzakhala thambo, ndipo theka linalo lidzakhala dothi la pamapazi panu. Kuti chithunzi chotere chikhale ndi moyo pamafunika chinthu chapafupi kwambiri, mita imodzi kapena mamita awiri kuchokera pa kamera: gudumu la ngolo, mjigo umene amayi akupopa, mizere ya fodya yolunjika kuphiri, kapena manja a mlimi amene akusoka belo. Choncho lenziyi imafuna munthu wosaopa kuyandikira, ndipo kuyandikira kumafuna chilolezo. Pa gule wamkulu, mwachitsanzo, simungangolowa m'bwalo chifukwa choti lenzi yanu ikufuna mamita awiri; muyambe mwapempha kwa amfumu ndi akuluakulu a dambwe, ndipo akakulozerani poima, imani pomwepo. Ku Kasungu National Park, komwe mu 2022 anasamutsirako njovu 263 kuchokera ku Liwonde, lenzi yotere ndi yojambulira mitengo ya miombo ndi thambo la pa damu la Lifupa basi. Njovu ikadzaza chithunzi cha 21mm ndiye kuti yakuyandikirani mopyola muyeso, ndipo moyo wanu uli pachiswe.

Palinso zinthu ziwiri zimene zimakula lenzi ikamatambalala. Choyamba, zinthu zozungulira zimene zili m'mbali mwa chithunzi zimakokeka, kotero kuti pa chithunzi cha gulu, ankhoswe amene aima kumapeto amatuluka ndi mutu wotambalala ndi mapewa aakulu kuposa mmene alili. Pa 21mm vutoli limapiririka ngati anthu mwawaika chapakati, koma pa 15mm limaonekera kwa aliyense, ndipo palibe kasitomala amene amalikonda. Chachiwiri, kamera ikapendekera m'mwamba ngakhale pang'ono, makoma amaoneka ngati akugwera m'kati. Amene akufuna kujambula nyumba za njerwa za ku Kamuzu Academy ku Mtunthama, sukulu yomwe inatsegulidwa mu 1981, kapena tchalitchi chilichonse chachitali, ayenera kugwira kamera mowongoka ndithu, ndipo kalevulo kakang'ono komangirira pa kamera kapena pa tripod (miyendo itatu yoimikapo kamera) kamathandiza kwambiri. Pa zifukwa zimenezi ndimalangiza kuti lenzi yoyamba ikhale 21mm. Ya 18mm ndi ya munthu amene ntchito yake yambiri ndi ya m'kati mwa nyumba. Ya 15mm ibwere mutazolowera 21mm n'kuona kuti ikukuchepelani kawirikawiri, pomwe 12mm ndi 10mm ndi za ntchito zapadera zomwe ambiri a ife sitikumana nazo.

Filimu kapena sensa

Funso lachiwirili ndi limene limataitsa anthu ndalama zambiri, choncho tiyeni tilione mofatsa. Kamera ya rangefinder ilibe kalilole wotembenuka ngati amene ali mu SLR, kamera yoonera kudzera mu lenzi, ndiye chifukwa chake lenzi imatha kukhala pafupi kwambiri ndi filimu. Pa Leica M, mtunda wochokera pomangira lenzi kufika pa filimu ndi mamilimita 27.8, pomwe pa Nikon F, yomwe ndi SLR, ndi 46.5. Mpata umenewu unalola akatswiri kupanga malenzi ang'onoang'ono omwe magalasi ake akutsogolo ndi akumbuyo amakhala ofanana kapangidwe, ndipo galasi lomaliza limalowa m'kati mwenimweni mwa kamera. Zeiss Biogon 21mm f/4.5, yomwe Ludwig Bertele anaipanga ndipo inatuluka mu 1954 pa makamera a Contax, ndiyo inatchukitsa kapangidweka. Leica inatsatira ndi Super-Angulon 21mm f/4 mu 1958, kenaka ya f/3.4 mu 1963, zonse zochokera ku kampani ya Schneider. Ubwino wa malenzi otere ndi woti mizere yowongoka imatuluka yowongoka, chitseko sichikhota, ndipo lenziyo imakwana m'thumba la shati.

Mtengo wa ubwinowu ndi woti kuwala kumafika m'ngodya za chithunzi mopendekeka kwambiri. Filimu sisamala za kupendekekako. Ngodya zimangoderapo pang'ono, ndipo mukachepetsa bowo la lenzi kufika f/8 (nambala ya f ikamakula, bowo lolowera kuwala limachepa) mdimawo umachepa. Sensa ndi yosiyana. Ili ndi timabowo tolandira kuwala miyandamiyanda, tophimbidwa ndi timagalasi ndi tosefera mitundu, ndipo kuwala kukalowa cham'mbali mitundu imasokonekera, mbali ina ya chithunzi imafiirira pomwe ina imabiriwira. Vutoli linadziwika kwambiri pa Leica M9 ya mu 2009, ndipo limaonekanso pa M Typ 240. Masensa a makamera atsopano, makamaka M11 ya mu 2022, amapirira bwino, ndipo pa Monochrom, yomwe imajambula zakuda ndi zoyera zokha, nkhani ya mitundu palibe.

Tanthauzo lake pogula ndi ili. Ngati mumajambula pa filimu, malenzi ang'onoang'ono otsika mtengo ndi anu: Voigtländer Color-Skopar 21mm f/4, yomwe kulemera kwake sikufika magalamu 150, Zeiss C Biogon 21mm f/4.5, ndi Super Wide-Heliar 15mm f/4.5 ya mtundu woyamba kapena wachiwiri. Ngati kamera yanu ndi ya dijito ndipo mumajambula za mitundu, funani malenzi amene anapangidwa sensa ili m'maganizo, monga Leica Super-Elmar-M 21mm f/3.4 ya mu 2011, Super-Elmar-M 18mm f/3.8 ya mu 2009, Color-Skopar 21mm f/3.5, kapena Super Wide-Heliar 15mm ya mtundu wachitatu, yomwe inatuluka mu 2015 itakonzedwa makamaka chifukwa cha vuto la mitunduli. Samalani kwambiri ndi Heliar ya 15mm, popeza mitundu yonse itatu ili ndi dzina lofanana ndipo wogulitsa angalembe mosalongosoka. Yoyamba, ya mu 1999, ndi yomanga mozungulitsa ndipo ilibe pomangira fyuluta. Yachiwiri, ya mu 2009, ndi ya pomangira pa Leica M ndipo imalandira fyuluta ya 52mm. Yachitatu ndi yokulirapo ndipo imalandira ya 58mm. Mukafunsa kukula kwa fyuluta mudziwa imene akukugulitsani.

Kuyambira mu 2006 Leica imaika timadontho tisanu ndi kamodzi takuda ndi toyera kumbuyo kwa malenzi ake, kuti kamera ya dijito izindikire lenzi n'kukonza yokha ngodya ndi mitundu. Malenzi a Zeiss ndi Voigtländer alibe timadonthoti, koma kuyambira pa M9 mungathe kusankha nokha m'menyu lenzi ya Leica yoyandikana nayo, n'kuyesa zingapo mpaka mutapeza imene ikuyeretsa ngodya bwino. Amene ali ndi Leica M8 kapena Epson R-D1 akumbukire kuti masensa ake ndi aang'ono. Pa M8 nambala ya lenzi imachulukitsidwa ndi 1.33, moti 21mm imajambula ngati 28mm ndipo 15mm ngati 20mm, pomwe pa R-D1 imachulukitsidwa ndi pafupifupi 1.5. Pa makamera awiriwa, kuti mupeze kutambalala kwenikweni muyenera kuyambira pa 15mm.

Malenzi akale olowa kwambiri m'kati ali ndi vuto linanso ngakhale pa filimu. Pa Leica M6, mita yoyezera kuwala imawerenga kadontho koyera kamene kali pa chinsalu cha shutter, chomwe chimatseguka kuti kuwala kufike pa filimu, ndipo thako la Super-Angulon limatchinga kadiso ka mitayo, ndiye imanama. Pa M5 ndi pa CL mita ili pa kadzanja kamene kamatulukira kuseri kwa lenzi, ndipo lenzi yolowa kwambiri ingathe kukagunda. Ngati mwasankha lenzi yotere, yezani kuwala ndi mita ya pamanja kapena ya pa foni, apo ayi gwiritsani ntchito lamulo lakale lakuti padzuwa lowala bwino ikani f/16 ndi liwiro loyandikana ndi nambala ya filimu yanu, monga 1/125 ya sekondi pa filimu ya ISO 100.

Muonera pati?

Kazenera ka kamera ya rangefinder sikaonera kudzera mu lenzi, ndipo mizere yake yoonetsa malire a chithunzi ili ndi polekezera. Leica M3 imayambira pa 50mm, M2 pa 35mm, ndipo M4-P, M6 ndi zotsatira zake zambiri zimayambira pa 28mm. Kupitirira pamenepo mufunika viewfinder yapadera (kazenera kena koonera) yolowetsa pamwamba pa kamera, pamene pamakhala fulashi. Kajambulidwe kake ndi kakuti mumayamba mwaika fokasi ndi kazenera ka kamera, kenaka n'kukweza diso ku viewfinder ya pamwamba kuti muone malire. Popeza viewfinder imeneyi ili masentimita angapo pamwamba pa lenzi, chinthu chapafupi sichidzakhala pamalo enieni pamene mukuchiona, choncho siyani mpata m'mbali, makamaka pamwamba pa mitu ya anthu. Ikani mtengo wa viewfinder mu bajeti yanu kuyambira pachiyambi, chifukwa yabwino si yotsika mtengo, ndipo funsani wogulitsa ngati ilipo, popeza malenzi a Voigtländer omanga mozungulitsa a 15mm ndi 21mm ankagulitsidwa limodzi ndi viewfinder yake. Njira zozembera ndalamayi zilipo ziwiri. Bessa R4A ndi R4M zili ndi mizere ya 21mm ndi 25mm m'kazenera kake komwe, ndipo kwa wokonda filimu amene sanagule kamera, ndikuona kuti imeneyi ndi kamera yoyenera kuiganizira. Pa dijito, kuyambira pa M Typ 240, mungathe kuona chithunzi chenicheni pa sikirini yakumbuyo.

Za kukula kwa bowo, musalole nambala yaing'ono ikukopeni musanaganize. Lenzi ya f/1.4 imalowetsa kuwala kochuluka kasanu ndi katatu kuposa ya f/4, ndipo zimenezi n'zofunikadi kwa amene amajambula mapemphero a usiku, nyenyezi kumudzi kopanda magetsi, kapena phwando magetsi atazima. Koma Nokton 21mm f/1.4 imalemera pafupifupi theka la kilogalamu, imatchinga mbali ya kazenera ka kamera, ndipo Summilux-M 21mm f/1.4 ya Leica mtengo wake ndi wa anthu ochepa. Kuno dzuwa tili nalo lambiri. Komanso kamera yopanda kalilole sigwedezeka kwambiri, moti ndi 21mm munthu wa manja okhazikika amajambula pa 1/30, mwinanso 1/15 atatsamira chipupa. Kwa ambiri, f/3.5 kapena f/4 ndi yokwanira.

Nkhani ya fokasi ndi yopepuka pa malenzi amenewa. Mukaika 21mm pa f/8 n'kutembenuza fokasi kufika pa mamita 2, chilichonse kuyambira pa mita imodzi mpaka kutali kwenikweni chimatuluka chooneka bwino. Pa 15mm ndi f/8, ikani pa mita imodzi, ndipo zonse kuyambira pa theka la mita zikhala bwino. N'chifukwa chake malenzi ena, monga Heliar 15mm yoyamba, Russar 20mm f/5.6 ya ku Soviet Union ndi Zeiss Distagon 15mm f/2.8, salumikizana n'komwe ndi makina oyezera mtunda a m'kamera, ndipo kusalumikizanako kusakuopseni. Kumakhala kofunika pokhapokha ngati mukujambula pafupi bowo lili lotsekula kwambiri. Dziwaninso kuti makina a Leica M ambiri amayeza mpaka pa masentimita 70, ndipo lenzi ikatha kufika pafupi kuposa apo, mtunda wotsalawo mumayerekeza ndi maso kapena mumaonera pa sikirini.

Pomangira pake, kugula ndi kusamala

Musanalipire, tsimikizani pomangira. Lenzi ya M39, yomanga mozungulitsa, imalowa pa Zorki, FED, Canon P, Canon 7 ndi Leica zakale, ndipo imalowanso pa kamera ya M kudzera pa adaputa yochindikala milimita imodzi yokha. Lenzi ya M singalowe pa kamera ya M39. Kamera ya Kiev imatsata pomangira pa Contax, choncho malenzi a M39 ndi a M sagwira pa iyo.

Malenzi amenewa si katundu wopezeka m'masitolo a pa boma, ndiye ambiri amaitanitsa ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera ku Japan, ku Ulaya kapena ku Johannesburg, mwina kudzera mwa wachibale amene akubwera kumudzi. Pa mtengo wa lenzi onjezerani ndalama yotumizira ndi msonkho wa MRA, ndipo sankhani wogulitsa amene amalola kubweza katundu. Mupempheni zithunzi zimene wawalitsa tochi kudutsa mu lenzi, kuti muone ngati muli chuku, chomwe chimaoneka ngati timizu toyera toyanga pa galasi, kapena chifunga cha mafuta amene anauma. Onetsetsani makamaka galasi lakumbuyo, chifukwa limatulukira kunja, limakandika mosavuta, ndipo popeza lili pafupi ndi filimu, kukandika kwake kumawononga chithunzi kuposa kwa galasi lakutsogolo. Funsaninso ngati chivundikiro chakumbuyo chilipo, poti malenzi olowa kwambiri amafuna chivundikiro chakuya chomwe n'chovuta kupeza pachokha.

Lenzi ikafika, nyengo yathu imafuna chisamaliro cha mitundu iwiri. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, musaisiye m'chikwama chachikopa m'kabati yotseka; isungeni m'kabokosi kotseka bwino kokhala ndi timapaketi ta silika toyamwa chinyezi, ndipo muziitulutsa kawirikawiri. M'chilimwe mdani ndi fumbi, makamaka m'misewu yadothi yopita kumidzi ndi m'maesiteti, ndipo pa kamera ya dijito kafumbi ka pa sensa kamaonekera msanga pa thambo mukajambula ndi lenzi yotambalala pa f/11 kapena f/16, choncho sinthirani malenzi m'nyumba kapena m'galimoto yotseka mawindo. Fyuluta yotetezera ikhale ya mkombero wopyapyala, chifukwa yochindikala imadetsa ngodya. Fyuluta ya polarizer, yochepetsa kunyezimira, ndi bwino kuipewa, popeza pa thambo lalikulu chotere imadetsa chigawo chimodzi n'kusiya china chowala. Chenjeraninso ndi dzuwa la mu Okutobala. Makamera a Leica a filimu, Zorki ndi FED ali ndi shutter ya nsalu yopanda kalilole woiteteza, ndipo lenzi ikasiyidwa yolozetsa kudzuwa ingathe kuboola nsaluyo. Lenzi yotambalala imakhala ndi dzuwa m'kati mwa malire ake kawirikawiri kuposa malenzi ena, choncho ivundikireni mukamayenda. Koma mukafuna kujambula kumbukirani kuchotsa chivundikirocho, chifukwa kazenera kamaonetsabe zonse ngakhale lenzi ili yotseka.

Nthawi yobweza isanathe, iyeseni lenziyo motere. Imani moyang'anizana ndi khoma la njerwa pa mtunda wa mamita 3, kamera ili pa tripod ndipo ili yowongoka, mujambule pa bowo lalikulu, kenaka pa f/5.6 ndi pa f/8. Mukayang'ana zithunzizo, ngodya zonse zinayi zizioneka mofanana. Ngati ngodya imodzi ili yosaoneka bwino kuposa zinzake ngakhale pa f/8, ndiye kuti magalasi anasuntha, mwina lenziyo inagwapo, ndipo muibweze. Ngati kamera ndi ya dijito, jambulaninso khoma loyera lili pamthunzi kuti muone kuchuluka kwa kusokonekera kwa mitundu, ndipo chithunzi chimenecho muchisunge, chifukwa pulogalamu ya pa kompyuta ya Lightroom Classic imatha kuchigwiritsa ntchito pokonza zithunzi zina zonse zimene mudzajambule ndi lenziyo pa bowo lomwelo. Pomaliza, lembani ndi choko pakhoma malire amene viewfinder ikukuonetsani pa mita imodzi ndi pa mamita 3, mujambule, ndipo mufananitse malirewo ndi chithunzi, kuti mudziwe mpata umene muyenera kusiya m'mbali mukamajambula anthu pafupi.